Pulayizi ya kwa Mazenera

Biriwiri, ntchito yoyamba

Za ubwana wanga sindilemba, Esime ndi Yotamu ana anga, chifukwa mulibe kanthu koma matekenya ndi kuthawa sukulu. Ndiyambira pa tsiku limene ndinavala kabudula wa khaki wa kampani yogula mbewu ndi katundu, n'kuimikidwa pa sikelo ku Biriwiri. Ntchito yanga inali kukoleka matumba a nyemba ndi mbatata ya kachewere pa ngowe, n'kukuwa kulemera kwake. Koma pakamwa panga sipankatha kukhala chete. Mlimi akati akweze mtengo, ine ndinkalowerera ngati ndatumidwa: "Mbatata iyi ili ndi maso ambiri chonchi, ikuyang'ana chiyani?" Anthu n'kuseka, mtengo n'kutsika. Sipanapite nthawi, akuluakulu anaona kuti mnyamatayu akuwonongeka pa ngowe, ndipo anandisandutsa wogula.

Bwana wathu anali munthu wamfupi wa mawu aakulu. Tinkawatcha a Mwachedwa, chifukwa ngakhale ufike tambala asanalire, moni wawo unali womwewo. Ndiwo anandiphunzitsa malonda, ndipo ndimawathokoza mpaka lero ngakhale tinadzayambana. Ankati: "Katundu ukamufuna usamumwetulire, umunyoze ngati msuweni wako. Wogulitsa akauma mutu, tembenuka uzipita, koma uziyenda pang'onopang'ono kuti mawu ake akupeze. Mukagwirizana, usachoke osapempha pulayizi." Inu a masiku ano ogula m'masitolo a mitengo yomata mwina mwaiwala: pulayizi ndi kaja wogulitsa amaika pamwamba, tomato mmodzi pa mulu, dzanja la nyemba pa mbale. Ndipo bwana ankamaliza atakweza chala: "Pulayizi sasankha, sabweza. Akakupatsa nthochi yovunda landira ndi manja awiri, ukatayire kutsogolo. Wobweza pulayizi watseka msika wake wa mawa."

Chizolowezicho chinandilowa m'magazi. Mayi anu, a Nangozo, amauza anthu kuti pa ukwati wathu ndinafunsa abusa ngati pa madalitso palibe kapamwamba. Ndi bodza, koma si bodza lakutali.

Manjawira, chaka chimene mafuta a galimoto anasowa

Atandisamutsira ku Manjawira inali nthawi ija amwenye a masitolo ankachoka kumidzi kupita m'mizinda. Katundu wa m'nyumba zawo ankagulitsidwa mothamanga, ndipo a Mwachedwa ananunkhiza mwayi. Kampani inkatsegula nyumba ya alendo pamsewu, ndiye pankafunika mabedi, matebulo, makabati. Tsiku lina anandiitana.

"Nyoni, mwachedwa. Mawa mupite kwa Mazenera ndi lole. Gulani zonse zimene mungathe, koma chimene ndikufuna kwambiri ndi chitofu cha kukhitchini. Zina mutha kusiya, chitofu ayi. Mafuta ndakupatsani a ulendo umodzi, ena kulibe mpaka mwezi wa mawa."

Kwa Mazenera ndi dzina limene anthu anapatsa chinyumba cha banja lina lolemera la amwenye, m'mbali mwa Rivirivi. Banjalo linali ndi masitolo m'misika yambiri ya m'boma lathu. Ndinali nditamva mbiri ya nyumbayo, koma kumva si kuona. Tinalowera m'msewu wa mibawa mbali zonse, ndipo titatulukira, ndinachita kuluma tsaya kuti ndisamwetulire. Khonde linkazungulira nyumba yonse. Mazenera ena anali a magalasi obiriwira ndi ofiira, moti dzuwa likalowa, pansi pankaoneka ngati pagwa maluwa. Masitepe a miyala ankatsika kuchokera pakhonde mpaka kukagunda madzi. Ine amene ndinkagona m'kachipinda ka lendi kuseri kwa chigayo, ndinavula nsapato popanda wondiuza, kenaka ndinakumbuka kuti ndine wogula, n'kuzivalanso.

Mwini nyumba anali mayi wamasiye wokalamba, aliyense ankamutchula kuti Dona. Ana ake anali atapita kale ku Limbe, ndipo iye ankanyamuka madzulo omwewo, makiyi n'kuperekedwa kuboma m'mawa mwake. Ndinaganiza kuti munthu wothamanga chotere ndimumeta popanda madzi. Sindinadziwe kuti anakulira kuseri kwa kauntala, ndipo Chichewa chake chinali cha kumsika kuposa changa.

"Tebulo ili likutsimphina, Dona," ndinayamba.

"Akutsimphina ndiwe. Tebulo limeneli ladyetsa anthu amene agogo ako ankawavulira chipewa."

"Nanga mabediwa, nsikidzi zatsala kapena mukupita nazo?"

"Ngati uzipeze, zabwera ndi iwe."

Nditaona kuti kwauma, ndinatembenuka n'kuyamba kupita monga anandiphunzitsira. Ndinatsika pakhonde pang'onopang'ono. Ndinadutsa bwalo lonse makutu ali kumbuyo. Ndinafika palole. Zii. Nditacheuka ndinaona Dona atakhala pampando akudzipepeza ndi nsalu, osandiyang'ana n'komwe. Ndinamenya tayala ndi phazi ngati ndi zimene ndinadzera, dalaivala akufa ndi phwete, n'kubwereranso.

"Tayala lili bwino?" anandifunsa.

"Lili bwino, Dona."

"Ndiye tiye tikambe ngati anthu akuluakulu."

Tinalimbana mpaka dzuwa litafika pamutu, chipinda ndi chipinda, ndipo pomaliza tinalowa kukhitchini. Chitofucho chinali chachitsulo chakuda, chachikulu ngati ng'ombe yogona, cha nkhuni, chokhala ndi uvuni mbali ziwiri, zogwirira zake zikuwala. Pambali pake panakhala nkhalamba yoonda, yovala epuloni yoyera. Ameneyo anali khukhi wa panyumbapo, a Zuze, amene inu munadzawadziwa ngati agogo Zuze. Pofuna kutsitsa mtengo ndinagogoda chitofucho n'kunena kuti chatha, chikungoyenera kukhala chisa cha nkhuku. Nkhalambayo sinakwiye. Inatsegula uvuni, n'kunyema buledi wotentha, n'kundiika m'manja. "Mwana iwe, chitofu sanyoza chili ndi moto. Idya, kenaka unyozenso." Ndinaluma. Ana anga, nkhope imene ndinaiphunzitsa zaka zonsezo inandipereka pompo. Dona anaona, ndipo mtengo wa chitofu sunatsikenso.

Titagwirana chanza, anyamata aganyu atayamba kukweza katundu, pakamwa panga panachita zimene panazolowera. "Nanga pulayizi, Dona? Katundu yenseyu osaikapo kanthu pamwamba?" Ndinkayembekeza kawotchi kapena nyali. Dona anayang'ana kumtsinje. Kenaka analoza ndi chibwano kukhomo la khitchini.

"Pulayizi ndi uyo."

Ndinaseka ndekha. Iye sanaseke. Anandifotokozera ali chiyang'anire madzi kuti a Zuze anachokera kutsidya kwa malire ali mnyamata, ndipo kuyambira pamenepo sanagonepo kwina. Mkazi wawo anamwalira opanda mwana. Kwawo sankadziwanso ngati kudakali anthu. Ku Limbe ana a Dona ankakhala pamwamba pa sitolo, malo kunalibe, ndipo anali atalemba kale khukhi wina. Anayesa kufunsa m'midzi yoyandikana, koma aliyense anali ndi nkhalamba zake. Mawa nyumba ikatsekedwa, a Zuze atsala pakhonde.

"Munthu si pulayizi, Dona," ndinatero.

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindinamuikire mtengo."

Apo a Zuze anatuluka, akupukuta manja pa epuloni. Anali atamva zonse. "Ine sindine thumba la nyemba lakuti mungondiponya m'lole. Dona, mwayamba mwamuona bwino mnyamata ameneyu?" Anandizungulira monga ine ndinazungulirira matebulo aja. "Ndi woonda. Kwake amadya? Nsapato yang'ambika kuchidendene. Pakamwa ndiye pokhapo pali bwino." Kenaka anaima patsogolo panga. "Ngati ndipite, ndipita ndi mbuzi zanga ndi kamphika kanga. Zimenezo si zokambirana. Koma funso langa ndi limodzi, ndipo usandiyankhe za kumsika. Ndikafa ukandiika kuti?"

Ine mwini ndinali mkamwini, wopanda ngakhale mzere umodzi wa dothi lotchedwa langa. Mayi anu anali oyembekezera iwe Esime. Ndipo dalaivala anandikokera pambali kundionetsa kuti kumbuyo kwa lole kwatsala malo a chitofu okha basi. Kutsogolo kunali kodzaza magalasi ndi mbale zosweka. Nkhalamba siingakwere pamwamba pa makabati. Ndiye kunali kusankha: chitofu, kapena munthu ndi mbuzi zake. Ulendo wachiwiri kunalibe.

Ndinatsika masitepe aja n'kukakhala pafupi ndi madzi. Ndinayesa kudzinyengerera monga ndinkanyengerera alimi: nkhalambayi si m'bale wako, sunaibereke, olemera adye mnofu iwe utole fupa? Ntchito ikatha mwana wobadwayo adzadya chiyani? Mfundo zonsezo zinali zoona, ndipo ndinakwera masitepe nditatsimikiza kuti ndikana mwaulemu. Nditasuzumira kukhitchini, ndinapeza a Zuze atagwada, akukokera makala kunja ndi fosholo. Ankazimitsa moto kuti chitofu chizizire, anyamata asapse pochinyamula. Sanandipemphe kanthu. Anangoti, "Chigwireni pansi, osati pa zitseko, zimathyoka."

Munthu ankatithandiza kumulanda malo ake okhala. Ndinamva pakamwa panga pakulankhula, ulendo uno popanda nthabwala: "Bwezerani makalawo, agogo. Chitofu chitsala. Kamasuleni mbuzi. Za manda sindikudziwa, koma kumene adzandiike ine, inu simudzakhala kutali."

"Umenewo ndiwo mtengo wako womaliza?"

"Womaliza."

"Ndi wotsika, koma ndaulandira."

Dona anandibwezera ndalama za chitofu popanda kulimbana, ndipo pokwera galimoto yake anagwira dzanja la a Zuze nthawi yaitali.

Tinafika ku Manjawira a Mwachedwa atatidikira pageti. "Mwachedwa. Chitofu chili kuti?" Ndisanayankhe, mbuzi inalira kumbuyo kwa lole. Anazungulira, n'kuona nkhalamba itakhala pamphasa, itakumbatira kamphika.

"Nyoni, ichi n'chiyani?"

"Pulayizi, bwana. Munandiphunzitsa ndinu kuti sasankha, sabweza."

"Ndinkanena nthochi, Nyoni! Nthochi!"

Anakalipa mpaka anthu anatuluka m'masitolo. Sanandichotse ntchito, chifukwa ankadziwa kuti wogula ngati ine sapezeka pa mulu. Koma sabata isanathe anandiuza kuti ndisamukire ku Tsangano, kumene ankatumizako anthu amene sakufuna kuwaona. "Mukaotche buledi ndi chifunga," anatero.

Kunyumba ndinkaopa kuposa kuntchito. Mayi anu anatuluka, n'kuona mbuzi, n'kuona nkhalamba, n'kundiyang'ana ine. Anagwada, kupereka moni kwa a Zuze, kuwapatsa madzi osamba ndi kuwayalira pa malo abwino. Atatseka chitseko ndi pamene ananditembenukira. "Amuna a anzanga akapita kogula katundu amabwera ndi mpando. Inu mwabwera ndi wokhalapo wake." Nditawauza za lonjezo la manda anapukusa mutu. "Kwa amalume ndikapita ndekha. Inu mungakapemphekonso pulayizi."

Tsangano, zaka za chifunga

Ku Tsangano kumazizira moti madzi a m'ndowa amaluma zala. Miyezi yoyamba ndinkadzitukwana m'mawa uliwonse. Malipiro ankabwera mochedwa, matumba ogulira mbewu ankasowa, sopo ankasowa, lole inkalephera kukwera phiri mvula ikagwa. Koma bwana poganiza zondilanga anaiwala chinthu chimodzi: ku Tsangano amalima tirigu. A Zuze ataona minda ija anaima pamsewu ngati munthu amene wakumana ndi m'bale wake.

Ndi pamene tinadziwa za kamphika kaja. Munali chotupitsa buledi, phala lowawasa limene ankalidyetsa ufa tsiku ndi tsiku ngati khanda, ndipo kukazizira kwambiri ankagona nalo m'bulangete. Anaumba uvuni wa dothi la pachulu ndi chidutswa cha mgolo kuseri kwa nyumba. Anaphunzitsa mayi anu kukanda, akuwakalipira ngati mwana wawo: "Nangozo, ukusisita kapena ukukanda? Ufa suopa munthu waulemu." Tinayamba ndi mabanzi a tsiku la msika. Ine ndinkagula tirigu kwa alimi, ndipo kumeneko pakamwa panga panagwira ntchito yake yeniyeni. Chokhacho chimene tinkakangana n'chakuti a Zuze ankaika pulayizi kwa aliyense, ngakhale wosapempha. Ndinkati, "Agogo, mutigwetsa." Iwo ankati, "Iwe wakhala ukulandira moyo wako wonse, leka ena alaweko."

Nkhondo itakula kutsidya, anthu othawa anadzaza dera lonse. A Zuze ankakhala pambali pa msewu ndi dengu, kufunsa aliyense za mudzi wawo. Palibe amene ankaudziwa. Mayi mmodzi yekha anati dzina la phiri lake analimvapo. Tsiku limenelo dengu lonse linapita ulere, ndipo ine sindinadandaule.

Kampani yathu inadzagwa, monga zinagwera zambiri. Anzanga amene anatsala pafupi ndi bwana ku Manjawira anabwerera kumudzi manja ali m'thumba. Ife tinali ndi uvuni. Sukulu yanu nonse awiri inatuluka m'kamphika kaja. Iwe Yotamu unaphunzira kuyenda utagwira epuloni yawo, ndipo iwe Esime sitolo yako ya buledi ku Ntcheu ukudziwa kumene inachokera. Sankadandaula za Dona, kapena za chitofu. Chimene ankadandaula ndi mandimu. Ankati mapichesi a ku Tsangano ndi chakudya cha ana, chipatso chenicheni ndi cha mtengo wa mandimu umene anabzala okha kuseri kwa khitchini kwa Mazenera. Akadwala chimfine ankangoti, "Likanakhalapo limodzi lokha la mtengo uja."

Anamwalira m'nyengo yozizira, ali m'nyumba mwathu, mayi anu atawagwira mutu. Amalume a mayi anu anali atayankha kalekale, ndi mawu ochepa: "Woyatsa moto pakhomo pa mbumba yanga si mlendo." Agona kumanda a kwa amayi anu, kumapeto cha ku mtengo wa msuku, ndipo malo a pambali pawo ndauza kale anthu kuti ali ndi mwini wake.

Kwa Mazenera, chaka chatha

Sindinabwererekonso mpaka chaka chatha, pamene iwe Esime unamva kuti nyumbayo anaikonza ndipo anthu amapita kukaiona. Yotamu sunalipo, ndiye ndikulembera kuti usamve za mbali imodzi, chifukwa mlongo wako amawonjezera.

Mibawa yambiri anadula, ndipo mtsinje wachepa, masitepe omaliza amathera pamchenga. Koma khonde ndi lomwe lija, ndi magalasi aja akugwetsabe maluwa pansi. Pageti ndinayesa kufotokoza kuti munthu wa zaka zanga amaona ndi diso limodzi, choncho ayenera kulipira theka. Esime anandiponda phazi. Wotiperekeza anali mtsikana waulemu dzina lake Tadala, ndipo anatizunguza zipinda zonse. Anationetsa zithunzi za banja lija pakhoma, Dona ali mtsikana, amuna ake atavala suti pafupi ndi galimoto. Matebulo ndi mabedi anali ena, ndipo ndinangoyang'ana kumbali, pakuti enieniwo ndikudziwa amene anawatulutsa.

Kenaka tinalowa kukhitchini. Chinali pomwepo. Chakuda, chozizira, atachizunguliza ndi chingwe kuti anthu asachigwire. Palibe amene anapeza mafuta, kapena mphamvu, zochichotsera.

"Ichi ndiye chimene alendo amakonda kwambiri," anatero Tadala. "Katundu yense anagulitsidwa, koma chokhachi chinatsala. Sitidziwa chifukwa chake."

"Mwina wogulayo anali wopusa," ndinatero.

"Kapena analibe mphamvu, agogo."

"Zonse ziwiri, mwanawe."

Esime anaseka mpaka misozi, kenaka misoziyo inapitirira kuseka kutatha. Ndinakhala pa kampando, n'kumufotokozera Tadala za munthu amene palibe chithunzi chake pakhoma. Anamvetsera atagwira pakamwa, ndipo anandifunsa kawiri dzina lija kuti asaliiwale. Mayi anu, amene tinapita nawo, anatulutsa buledi wa m'sitolo ya Esime, wotupa ndi mdzukulu wa phala la m'kamphika kaja, ndipo tinanyemerana pomwepo pafupi ndi chitofu, ngakhale chikwangwani chinkaletsa kudya.

Potuluka, Esime anandigwira mkono n'kundinong'oneza: "Bambo, chonde, pano musapemphe pulayizi. Galimoto yanga ndi yaing'ono." Koma mphuno ya galu siikalamba. Ndinatembenuka. "Tadala, taona nyumba yonse, talipira osatsitsa. Palibe kapamwamba?" Mtsikanayo anaganiza pang'ono, n'kutiuza kuti tidikire. Anazungulira kuseri kwa khitchini, n'kubwera atanyamula mandimu m'chitenje. "Pepani, agogo, tilibe china. Mtengo wake ndi wokalamba, zipatso zake n'zowawasa kwambiri, alendo sazifuna."

Za mandimu ndinali ndisanamuuze. Ndinalandira ndi manja awiri.

N'zoona, ndi owawasa ngati pakamwa pa mwini wake. Nthangala zake ndinafesa m'zitini kuseri kwa nyumba, ndipo zamera. Mvula ikayamba, iwe Yotamu ubwere ndi khasu, tikabzale kumapeto kuja cha ku msuku. Ukumbe pakati, kuti mthunzi udzafike mbali zonse ziwiri. Nkhalamba ija ikadzafuna kudya yokha, ndidzakhala ndili pafupi, tidzakambirana.